Ulemu Upite kwa Difenda Woyendayenda

Ana a ku Fingoè, likulu la boma la Marávia m'chigawo cha Tete, akamagawana malo pabwalo lafumbi madzulo, aliyense amafuna kukhala Messi. Kumbuyo amaikako amene wabwera mochedwa, kapena wamiyendo yolemera yemwe mpira ukamufika amangoumenya n'kukagwera m'munda mwa eni. Sadziwa kuti mnzawoyo akumulonga ufumu, chifukwa kumbuyoko n'kumene kumachokera mfumu yeniyeni ya mpira, difenda woyendayenda, amene chikwama chake chimakhala chomangamanga chaka chonse.

Mu 2005 Argentina idatenga chikho cha dziko lonse cha anyamata osapitirira zaka 20 ku Netherlands. M'timu imeneyo mudali Lionel Messi, mudalinso difenda wa Banfield, Gabriel Paletta. Messi, wachisoniyo, adakakamira ku Barcelona mpaka 2021, kumaona nkhope zomwezo ndi kupukuta zikho tsiku ndi tsiku. Paletta ndiye adaona dziko. Mu 2006 adapita ku Liverpool, komwe adalemekezedwa ndi mpando wa pabenchi kuti aonere bwino mpira wa ku England. Chaka chotsatira adabwerera kwawo ku Boca Juniors, kenako Parma mu 2010, Milan mu 2015, Atalanta pangongole, Jiangsu Suning ku China, n'kudzatera ku Monza. Ngakhale dziko adasintha, pakuti pa World Cup ya 2014 adavala jezi ya Italy. Oimbira mpira nawo adamukonda kwambiri, moti mu ligi ya 2016/17 adamupatsa makadi ofiira 5 kuti azikapuma msanga anzake akadatuluka thukuta.

Kuno kwathu wotere aliponso, ndipo mphamvu zake zimaposa za Paletta. Limbikani Mzava adachoka ku ESCOM United ya ku Blantyre mu 2011 kupita ku Bloemfontein Celtic ku South Africa, ndipo mu 2012 timuyo idatenga chikho cha Telkom Knockout. Mu 2015 adalowera ku Mpumalanga Black Aces. Atamaliza ligi pa nambala 4, eni ake adagulitsa timu yonse mu 2016, nisanduka Cape Town City. Mzava adanyamula chikwama kupita ku Golden Arrows ku Durban, kenako Highlands Park mu 2019. Patangotha chaka, malo a Highlands Park mu ligi adagulidwa ndi TS Galaxy. Iye adabwerera ku Durban, ulendo uno ku AmaZulu, yomwe idamaliza pachiwiri mu ligi ya 2020/21 pansi pa Benni McCarthy. Celtic nayo idagulitsidwa mu 2021 n'kukhala Royal AM. Matimu atatu amene adawasewerera adafufutika mu ligi yaikulu, koma difenda adatsala chilili, mpaka kukatsogolera Flames, timu ya dziko lathu, monga kaputeni ku AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022.

Ndiye wina abwere adzanene kuti munthu wotere ndi wosakhazikika. Wosakhazikika ndi timu!

Anthu a ku Marávia safunika kuwafotokozera zambiri za moyo umenewu. Kumpoto kwawo ndi Zambia, kumwera ndi nyanja ya Cahora Bassa, ndipo amadziwa kuti waganyu salumbira kuti adzafera m'munda umodzi. Amalima ndime yake, kulandira zake, n'kufunsa kumene kukufunika khasu mawa. Kutsidya kwa Zambezi, ku Songo, timu ya União Desportiva do Songo idatenga chikho cha ligi ya Moçambola mu 2017, 2018 ndi 2022. Mufunseni wochemerera aliyense za zaka zimenezo, akuuzani amene adamwetsa zigoli. Amene adachotsa mpira pamzere ndi chipumi amamukumbukira pokhapokha tsiku limene adadzichinya yekha, ndipo difenda, pokhala munthu wodzichepetsa, mbiri imeneyo imamukwanira.

Luso lake limaonekera bwino pakona. Pamene ena akuyang'ana mpira, iye dzanja lamanzere lagwira kale jezi ya mdani cha m'chiuno, mbali imene woimbira sakuona, chigongono chili m'nthiti, bondo likukankha pang'onopang'ono. Mdani akagwa, difenda amatukula manja onse m'mwamba ndi nkhope ya munthu wongotuluka kumene m'tchalitchi. Zimenezi sizifuna womasulira, n'chifukwa chake amatha kuzigwira ku Parma, ku China kapena ku South Africa sabata yomwe wafika, asanadziwe n'komwe dzina la goloboyi amene akumukalipira kumbuyo.

Pa kukhulupirika ndiye palibe womuposa. Osewera ena amakonda timu imodzi moyo wonse, koma iye mtima wake ndi waukulu, moti chaka chilichonse amaima pamaso pa atolankhani atanyamula jezi yatsopano, n'kulonjeza kuti adzaifera. Amasungadi lonjezolo mpaka tsiku lomaliza la kontrakiti.

Mabungwe oyendetsa mpira, amene amamangira zipilala omwetsa zigoli okhaokha, ammangire nayenso chake. Chikhale cha mkuwa, phazi lili m'mwamba, ndipo pansi pake aikepo mateyala, chifukwa ligi ikatha padzapezeka timu ina yochifuna pangongole.