Mlandu wa Dayi Womwe Ndinasenzetsa Osalakwa

Kwathu kuno ku Mtakataka munthu wa imvi amapatsidwa mpando pamaliro, ndipo akatsokomola pabwalo anthu amakhala chete. Mpandowo ine ndinkaufuna, koma imvizo ayi. Zitangoyamba kutuwa cham'makutumu, ndinayamba kugula dayi wakuda pamsika wa Golomoti n'kumamubisa m'thumba la jekete yakutchalitchi. Ndinkati mayi akunyumba sakudziwa. Ankadziwa. Pilo ndi amene ankandiulula.

Poyamba zinkayenda bwino zedi. Anyamata akabaza anasiya kunditchula kuti madala, n'kumati abigi. Ndinkapereka ndalama osafunsa chenji.

Kenaka kunabwera ukwati wa mwana wa mlongo wanga, ine malume ndiye nkhoswe. Lachinayi madzulo ndinadzitsekera kubafa n'kupaka dayi mosaumira. Lachisanu ndinakametetsa m'mbali, masana ndinadya nsima ya mlamba wowamba, ndipo madzulo ndinakangana ndi aneba chifukwa cha mbuzi zawo zomwe zinalowa m'chinangwa changa. Pochoka anangoti, "Tionana."

Loweruka ndinadzuka mutu uli ngati dzungu. Makutu atatupa, zikope zitalemera, timatuza totuluka madzi titandanda pamphumi ndi m'khosi, kuyabwa kwake kosati n'kugwira. Malangizo kwa akwati ndinapereka nditavala chipewa chaubweya, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Ndinawauza kuti m'banja musamakhale chinsinsi.

Mlandu ndinayamba kuuzenga usiku womwewo. Woyamba anali wometa uja, ndipo ndinauza aliyense wobwera kudzandizonda kuti makina ake sapukuta. Wachiwiri unali mlamba, kutanthauza amene anauphika. Wachitatu sindinamutchule mokweza, koma "tionana" uja ankandilira m'makutu otupawo.

"Abambo," anatero mayi, "mlambawo tadya tonse m'nyumba muno. Nanga bwanji watupitsa inu nokha, komanso mongotsata mmene mwathera tsitsi?"

"Mayi, zinthu zinazi simungazimvetse," ndinayankha.

Lolemba anandikokera kuchipatala ku Mua. Adokotala anandivula chipewa, n'kufunsa chomwe ndinapaka kumutu. Ndinati palibe. Anayang'ana ndevu zanga zoyera, anayang'ana tsitsi lakuda bii, n'kungodikira. Ndinavomera, koma ndinadziteteza. Ndinati sangakhale dayi, chifukwa ndinapaka Lachinayi osamva kanthu mpaka Loweruka, komanso si koyamba kupaka.

"Bambo," anatero, "zimene mwanenazo ndiye umboni wake."

Ine ndinkadziwa kuyabwa kwa mtundu umodzi wokha, kwa chitedze kapena njuchi, komwe wakulakwira umamugwira pomwepo. Koma chitetezo cha m'thupi chili ndi njira ina yochedwa. Mu dayi wakuda wambiri mumakhala mankhwala otchedwa paraphenylenediamine, mwachidule PPD. Akalowa pakhungu amamatirira ku mapuloteni a khungulo n'kuwasintha maonekedwe. Maselo ena apakhungu amanyamula chachilendocho kupita nacho ku timabulunga tam'khosi tija timatupa tikamati mwanabere, ndipo kumeneko amakachionetsa kwa maselo a T, omwe ena mwa iwo ndi asilikali aja timawawerenga pa CD4. Kuphunzira kumeneku kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo munthu sumva kanthu. Ena zimawatengera miyezi kapena zaka akupakabe. Nthawi yonse yomwe ndinkatchedwa abigi, thupi langa linali m'kalasi.

Likaphunzira siliiwala. Ukapakanso, maselo aja amayenera kuyenda ndi magazi kufika pamalopo, kuchulukana, n'kuitana anzawo odzatupitsa khungu. Ulendo umenewu umatenga maola 24 mpaka 72. Ndiye pofika poti wayamba kukanda, wadya kale zambiri, wakumana ndi anthu ambiri, ndipo wakangana kale ndi aneba. N'chifukwa chakenso piritoni yemwe ndinamwa kunyumba anangondigoneka tulo. Iye amaletsa histamine, yemwe amatsogolera kuyabwa kwa pompopompo kuja, pomwe apa mwini nkhani anali maselo. Adokotala anandipatsa mankhwala opaka a steroid, n'kundiuza kuti dayi wamtunduwu ndisadzamuyandikirenso moyo wanga wonse.

Ndinafunsa ngati ndili ndekha watsokali. Anaseka. Amisiri omanga nyumba ena manja amasweka chifukwa cha chromium wa mu simenti. Amayi ena makutu amatuluka madzi chifukwa cha nickel wa mu ndolo zotchipa. Ena ndi labala wa patapata, ena utomoni wa mango kumilomo. Onsewo amachedwa kumupeza wowalakwira chifukwa samuona akulakwa.

Chomwe chinandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti kuchedwa komweku madokotala amakugwiritsa ntchito. Poyeza ngati thupi linakumanapo ndi kachilombo ka TB, amabaya timadzi ta tuberculin pakhungu la mkono n'kukuuza kuti ubwerenso pakatha maola 48 mpaka 72, kuti adzayeze kachotupa kolimba komwe katuluke. Timadzito anatipanga Robert Koch mu 1890 poganiza kuti ndi mankhwala ochiza TB. Sitinachize munthu, koma tinasanduka choyezera, ndipo njira yobayirayo imadziwika ndi dzina la Charles Mantoux. Munthu amene CD4 yake yatsika kwambiri akhoza osatupa n'komwe ngakhale kachilomboko ali nako. Ndiye kuti mutu wanga uja unali umboni woti asilikali anga ali moyo, kungoti anatumidwa nkhondo yopanda pake.

Ku Mua komweko, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, kunatsegulidwa malo osamalirako odwala khate mu 1927. Pa nthenda imeneyo maselo omwewa akamalimbana ndi kachilombo kobisala m'mitsempha, amatha kutupitsa mtsempha mpaka dzanja kufa dzanzi kapena zala kupindika, nthawi zina munthu atayamba kale kumwa mankhwala. Anthu anataya zala ndi ukali womwewu. Ine ndinangotaya ulemu paukwati.

Pobwerera mayi anatulutsa kapaketi kopanda kanthu m'kachikwama kawo, n'kundiwerengera mokweza m'minibasi mawu aang'onoang'ono akumbuyo. Amati uyambe wapaka pang'ono pakhungu n'kudikira maola 48. Ine ndinali ndisanawerengepo china chilichonse pakapaketipo kupatula mtengo.

Mayi ndinawapepesa ndi chitenje. Wometa uja ndinamupepesa pakamwa, koma makasitomala omwe ndinamuthawitsira sanabwerere onse, choncho ndimametetsa kawirikawiri kuposa mmene tsitsi limamerera. Atsala ndi aneba. Iwo sadziwa n'komwe kuti ndinawaganizira zaufiti, ndipo ndakhala ndikusowa poyambira. Aneba, ngati mwawerenga izi, pepani. Koma za chinangwa zija sizinathe.