Ndiwo za m'botolo ku Chongoni

Mnzanga wina wa ku Area 25, munthu woopa ndi mphemvu yomwe, anatsika minibasi pa Linthipe mwezi wa Disembala kukathandiza akatswiri ofufuza tizilombo ndi zomera m'nkhalango ya Chongoni. Anamuuza kuti pamwamba pa phiri pali timadera ta nkhalango yowirira, yosayoyola masamba, momwe nkhungu imachedwa kuchoka. Iye anapita atavala nsapato zoyera. Zimenezo tizisiye.

Wowatsogolera anali mdala wina wa patsinde pa phiri. Atanunkhiza botolo limodzi la akatswiriwo anafunsa mkulu wa gululo: "Bwana, madziwa fungo lake ndikulidziwa. N'chiyani?" Anamuyankha kuti ndi spiriti, amaviikamo tizilombo kuti tisaole. Mdala anapukusa mutu. "Katundu ndasenza ndine kuyambira mbandakucha, kukhosi kuli gwa, koma womwa ndi chiwala."

Usiku akatswiri aja anamanga nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri ya masuku pafupi ndi msasa, n'kuyatsa nyali kuti akope njenjete. Koma mvula inali itagwa madzulo, ndiye zinatuluka ndi ngumbi. Posakhalitsa ana anafika ndi mabeseni a madzi, amayi ali pambuyo ndi malichero. Mkulu uja anatambasula manja kutchinga nsalu: "Chonde amayi, tiwerenge kaye!" Mayi wina anamuyang'ana mwachisoni. "Werengani msanga bwana, chiwaya chili pamoto kale."

Ntchito ya mnzangayo inali ya masamba. Ukathyola kanthambi, makamaka kokhala ndi duwa kapena chipatso, umakagoneka pakati pa nyuzipepala zakale, kupanikiza ndi matabwa, n'kumasintha mapepalawo akanyowa, apo ayi zonse zichita nkhungu. Agogo ena otola bowa anaima n'kumamuonerera nthawi yaitali. Kenaka anasendera pafupi, n'kunong'ona: "Mwanawe, pa masamba akowo palibe wobweza mwamuna? Agogo ako anapita ku Wenela m'chaka cha 1972, mpaka lero zii." Mnzanga anafotokoza mwaulemu kuti iye si sing'anga, masambawo akupita ku National Herbarium ku Zomba. "Ku Zomba?" Agogo anabwerera m'mbuyo pang'ono. "Oo, ndi a misala. Pepa mwanawe, umwe ndithu."

Nkhani ya mphalabungu ndiye inatsala pang'ono kuthetsa ubale. Akatswiri anazisunga zamoyo m'chitini chobooleza, akuzipatsa masamba, pofuna kuona gulugufe amene adzatulukemo. Mkulu wawo anali atawerenga buku la Brian Morris la 2004 lonena za Amalawi ndi tizilombo, choncho ankadziwa bwino kuti mphalabungu ndi ndiwo. Chimene bukulo silinamuuze n'chakuti chitini asachisiye pafupi ndi mchere. M'mawa anapeza chili mbee, mdala akutokosa m'mano. "Timafuna tione kuti zikakula zikhala chiyani," anadandaula mkulu uja. Mdala anadabwa kwambiri. "Bwana, kuno sizikula."

Tsiku lomaliza anadutsa pa zithunzi za pamiyala, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Malo ake alipo 127, koma mnzanga anasankha kujambulitsa ataima pa mzere wa linthumbu. Linthumbu siliyamba n'kuluma, limakwera kaye mwakachetechete mpaka litafika kumene likufuna. Tonse tikudziwa mapeto ake: thalauza linavulidwa pamaso pa makolo, ana a sukulu ndi amayi awiri a nkhuni. Mkulu uja anathamanga, osati ndi chitenje, koma ndi botolo: "Musaphe achimwene, ndikufuna ziwiri za mitu ikuluikuluzo!"

Atazigwira anatulutsa pensulo, poti kapepala ka m'botolo kamayenera kunena tsiku ndi malo enieni pamene kachilombo kapezeka. Mdala anasuzumira. "Bwana, pa malopo mulemba Chongoni, kapena mulemba zoona?"