Kalumo ka Mlendo ndi Chichewa cha Jackie Chan

Mwambi wakuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa wakhala zaka zambiri popanda woutsutsa, ndipo akuluakulu akhala akuutchula molimba mtima paliponse pamene nzeru za eni mudzi zafika pothera. Koma chitsikireni mtengo wa mafoni otha kuonetsa makanema, mpaka kufika m'matumba a alimi a kachewere a ku Bembeke ndi anyamata a kabaza a pa Dedza Boma, mwambiwu walowa m'mavuto amene makolo sadawaganizire, chifukwa boma la Dedza ladzaza ndi akatswiri oweruza mafilimu, ndipo chigamulo chimene akatswiriwa amapereka kawirikawiri n'chakuti mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa, kungoti si nthawi zonse pamene amadziwa polekezera tsitsi ndi poyambira khutu.

Mlandu umene umatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi ndi wa filimu yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka pa Netflix m'chaka cha 2019, yofotokoza za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, mnyamata amene adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotola. Amene adaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London m'banja lochokera ku Nigeria, yemwe adaseweranso m'filimuyo ngati bambo wa mnyamatayo. Palibe amene amakana kuti kalumo kake kadali kakuthwa: minda youma, fumbi, chimanga chofota ndi mizere ya anthu olimbirana chakudya zidajambulidwa ku Kasungu komweko mwaluso loti munthu amene adaiona njala ija ndi maso ake amasiya kutafuna mtedza umene wautenga. Vuto limayamba pamene anthu a m'filimuyo atsegula pakamwa. Mnyamata wosewera ngati William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Wosewera ngati mayi wa William ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Mfumu ya m'mudzi ndi Joseph Marcell, amene ambiri amamukumbukira ngati wantchito wa m'nyumba m'sewero la The Fresh Prince of Bel-Air. Onsewa adalimbikira kuloweza Chichewa, ndipo zotsatira zake n'zakuti munthu wobadwira ku Linthipe, amene sadalankhulepo chiyankhulo china kunyumba kwawo, amapezeka akuwerenga mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa kanema kuti amve zimene zikunenedwa m'chiyankhulo chake. Akalankhula Lily Banda, Mmalawi amene adasewera ngati mlongo wa William, mitima ya omvera imakhala pansi.

Chilungamo chikufuna kuti pano pakhale mawu oikira kumbuyo mlendoyo. Ejiofor akadatha kuchita zimene opanga mafilimu ambiri akunja amachita akafika mu Africa, ndiko kulankhulitsa aliyense Chingerezi chokhotakhota n'kunena kuti basi ndi mmene anthu a kuno amalankhulira, koma iye adasankha njira yovuta, ndipo chifukwa cha kusankha kumeneko Chichewa chidamveka m'nyumba za anthu a m'maiko amene sadamvepo dzina la Malawi. Chodabwitsa china n'chakuti dziko la Britain ndilo lidatumiza filimuyi ku mpikisano wa Oscar, m'gawo la mafilimu amene mbali yaikulu ya zokambirana zake si ya m'Chingerezi, kotero kuti kwa chaka chimodzi Chichewa chidagwira ntchito yoimira London pamaso pa dziko lonse. Oweruza a ku Dedza, akamva zimenezi, amagwedeza mutu n'kunena kuti n'zomveka, popeza Chichewa chakecho chidalidi cha kumeneko.

Kuti kukula kwa vutoli kumveke bwino, m'pofunika kufotokoza za vidiyo sho, amene ndi malo oonetsera mafilimu molipiritsa opezeka pafupifupi pa msika uliwonse, kuyambira pa Chimbiya ndi Lobi kumtunda mpaka pa Mtakataka ndi Golomoti kunsi kwa mapiri. Kawirikawiri ndi kachipinda kopanda mawindo kapena chisakasa chotchingidwa ndi mikeka ndi masaka, mokhala mabenchi a matabwa otsala pocheka, wailesi yakanema kutsogolo, chimkuzamawu panja choitanira anthu, ndi bolodi lolembedwa ndi choko pamene pamandandalikidwa mafilimu a tsikulo. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha m'munsi mwa phiri la Dedza chimaluma zala, ena amalipira pakhomo chabe pofuna kutenthedwa ndi mpweya wa anzawo. Mafilimu ambiri oonetsedwa m'menemo, ndi amene amakopedwa m'mafoni ndi m'timakhadi pa timashopu tokopera nyimbo, ndi omasuliridwa: munthu mmodzi amakhala ndi kompyuta ndi maikolofoni, amatsitsa mawu a eni filimu, n'kumalankhula m'Chichewa m'malo mwa aliyense, kaya ndi mwamuna, mkazi, khanda, mfumu ya zigawenga ngakhale galu amene wayang'ana kamera mokayikitsa.

Apa ndi pamene mwambi uja umagwa chagada. Jackie Chan, amene adabadwira ku Hong Kong mu 1954, amalankhula Chichewa chosalala, cha miyambi ndi zining'a zomwe, amapereka moni kwa akuluakulu ndi ulemu wake woyenera asanawathyole mkono, ndipo akakhala pa mbale ya mpunga amadandaula za kuchepa kwa ndiwo ngati munthu wokulira pa Mayani. Jet Li amadziwa kusiyanitsa malume ndi apongozi. Jean-Claude Van Damme, Mzungu wa ku Belgium, amatha kuopseza mdani wake ndi mawu amene mwana wa sukulu sangawanene pamaso pa aphunzitsi. Shah Rukh Khan akamafunsira mbeta pansi pa mvula amatchula za ankhoswe. Ngati akatswiri a m'mafilimu a dziko lonse atayikidwa pa mndandanda motsatira ukatswiri wawo pa Chichewa monga umamvekera ku Dedza, onse amene sadayesepo kuchiphunzira angakhale pamwamba, ndipo amene adakhala pansi n'kuloweza angakhale kumapeto, zimene zikusonyeza kuti khama lili ndi malipiro ake, koma si pa nkhani iyi. Chinthu chokha chokayikitsa n'chakuti akatswiri onsewa ali ndi liwu limodzi, ndipo womasulira akagwidwa chimfine, Hong Kong, Mumbai ndi Hollywood onse amatsokomola tsiku limodzi.

Zotsatira za zimenezi pa maphunziro a zamafilimu n'zazikulu. M'zaka za m'ma 1950, olemba a magazini ya Cahiers du Cinéma ku France, mmodzi mwa iwo François Truffaut, adalimbikitsa ganizo lakuti wotsogolera filimu, ndiye kuti munthu amene amasankha poika kamera, woti asewere ndi mmene nkhani iyendere, ndiye mlembi wake weniweni, monga mmene buku limakhalira ndi mlembi. Ganizoli lidafalikira m'masukulu aukachenjede a maiko ambiri, koma pa msewu wa M1 wodutsa ku Dedza silidapeze pokwerera. M'zokambirana za ku Dedza, mwini filimu ndi munthu amene amamenya anthu ambiri n'kukhalabe moyo pomaliza, ndipo lamulo lake lodziwika ndi ana omwe n'lakuti safa. Wachiwiri kwa iye ndi womasulira, amene dzina lake ndilo limafunsidwa munthu asanapereke foni kuti amukopere. Wotsogolera amabwera pambuyo pa onse, pa nthawi imene maina akukwera pa kanema, mwini vidiyo sho akusesa makoko a mtedza ndi kuthamangitsa ana amene akufuna kuonera yachiwiri ndi ndalama ya yoyamba.

Sikuti anthu a ku Dedza alakwitsa. Womasulira akakumana ndi filimu ya ku Korea imene mawu ake olembedwa m'munsi akuthamanga kuposa maso ake, sayima kuti afunse. Amamanga nkhani yake pa zithunzi za mwini wake, amapereka zifukwa za ndewu zimene wolemba sadazilote, amapatsa anthu maina atsopano molingana ndi kukula kwa mutu kapena mimba yawo, ndipo pena amaimitsa nkhondo ili pakati kuti apereke moni kwa anzake a pa msika. Filimu imodzi ikadutsa m'manja mwa omasulira awiri imasanduka mafilimu awiri. N'chifukwa chake m'minibasi yochoka pa Dedza kupita ku Lilongwe mumatha kubuka mtsutso woyambira pa Linthipe mpaka kudutsa Nathenje, wina akuumirira kuti abale aja adaphana chifukwa cha malo amene bambo wawo adasiya, wina akulumbira kuti chidali chibwenzi, pamene onse awiri adaona zithunzi zofanana ndipo onse akunena zoona. Pakapezeka wachitatu, mwina mphunzitsi wa sekondale, amene adaonera filimuyo m'chiyankhulo chake chenicheni ndipo akufuna kuwathandiza, iyeyo ndiye mlendo wa kalumo kakuthwa amene mwambi umanena, ndipo amamuyankha mwaulemu kuti, “Pepani aphunzitsi, inuyo mudaonera yosamasulira,” kenaka mtsutso umapitirira pamwamba pa mutu wake. Kuweruza filimu ndi chithunzi cha pa chikuto kudatha kale pakati pa anthu amenewa, popeza munthu wokulira m'dera la kachewere amadziwa kuti zikuluzikulu za pamwamba pa ndowa sizinena kanthu za zimene zili pansi.

Pa nkhani ya anthabwala zinthu zimafika posokonekera kwenikweni. Rowan Atkinson adamanga mbiri ya Mr Bean pa kusalankhula, koma womasulira sangalipidwe chifukwa chokhala chete, choncho pali ana amene amamudziwa Mr Bean ngati bambo wolongolola wosasunga chinsinsi. John Okafor wa ku Nigeria, wodziwika kuti Mr Ibu, amene adamwalira mu 2024, adali ndi nkhope yosafuna womasulira, komabe adamupatsa. Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene adatchuka ndi filimu ya Aki na Ukwa mu 2002, akuyambitsabe mikangano yoti kodi ndi ana kapena akuluakulu, ngakhale kuti Ikedieze adabadwa mu 1977, chaka chimodzi ndi Ejiofor. Koma mtsutso wa amene ali katswiri woseketsa kuposa onse ukatalika, umathera kwa Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga amene adamwalira mu 2016 ndi Eric Mabedi amene adamwalira mu 2021, anthu amene masewero awo ambiri adajambulidwa ndi zipangizo zoti mlendo sangazitche kalumo n'komwe. Mphamvu yawo idali m'kamvekedwe ka liwu, m'kachedwedwe ka yankho, m'kudziwa mmene munthu wangongole amapatsira moni mwini ndalama, ndipo zimenezi ndi zinthu zimene kamera yodula siingagule ndiponso womasulira sangazionjezere. Kuseka ndi dera limodzi limene mwini mudzi sadalandidwepo. Michael Usi, amene anthu adamuzolowera ngati Manganya wa mu Tikuferanji, adafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu June 2024, ndipo ngakhale pamenepo panali anthu amene ankamvetsera zolankhula zake akudikira pamene nthabwala iyambire.

Mbali yosaseketsa ya nkhaniyi ndi ya opanga mafilimu a m'dziko muno. Shemu Joyah, amene ntchito yake yoyamba ndi yoyeza malo, adapanga Seasons of a Life, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, ndipo yomalizayi idapambana mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa Africa Magic ku Lagos mu 2018, mphoto imene Joyce Mhango Chavula adaitenganso mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Gift Sukez Sukali adatsogolera Fatsani, imene dziko la Malawi lidaitumiza ku Oscar. Maina amenewa samveka kawirikawiri m'mitsutso ya m'minibasi, osati chifukwa chakuti anthu adawaona n'kuwakana, koma chifukwa Dedza ilibe holo ya makanema yogulitsa matikiti, ndipo filimu ikalowa m'kakhadi ndalama imene yaperekedwa imathera pa shopu yokopera, osafika kwa amene adagulitsa katundu wake kuti alipire osewera. Choncho mwambi uja, utagwa chagada pa vidiyo sho, umadzukanso ku Lagos: kalumo ka Joyah kadaoneka kuthwa kwake kumene iye adali mlendo. Ndipo popeza zokambirana zina za m'mafilimu a Amalawi zimakhala m'Chingerezi, n'zotheka kuti wotsogolera wa ku Blantyre angafunikenso womasulira kuti afike pa Lobi, pamene Jet Li adafika kale ndipo ali ndi abale.

Funso limene akatswiri a ku Dedza sadaligamulebe n'lakuti ndani angatchedwe mlendo ngati filimu ya Kamkwamba itaperekedwa kwa womasulira kuti aichotse m'Chichewa n'kuiika m'Chichewa, popeza pamenepo nkhani ingakhale ya ku Kasungu, kamera ya ku London, nkhope za ku Nairobi ndi Dakar, liwu la pa msika, ndipo mphepo yokha ndiyo ingatsale yosakhudzidwa. Funsoli limakulanso likawoloka malire pa Calomue kulowa m'boma la Angónia ku Mozambique, kumene anthu amalankhula Chichewa chomwechi chosakanizika ndi mawu a Chipwitikizi, ndipo amagula ndi kugulitsa m'misika imodzi ndi anthu a ku Dedza. Kakhadi kakawoloka m'thumba la wogulitsa nyemba, womasulira wa ku Malawi ndiye amasanduka mlendo wobwera ndi kalumo, ndipo mwana wa ku Ulóngwe amene wamva mmene Jackie Chan amatchulira mitengo ya zinthu m'makwacha ali ndi zifukwa zokwanira zokhulupirira kuti mkuluyo ndi Mmalawi.