Ufumu wanga unapsa ku Zomba

Pabwalo pathu pa bawo palibe munthu wamba. Wogulitsa makala akuti m'thupi mwake mukuyenda magazi a Gomani. Wometa akuti ndi mdzukulu wa nduna ya M'mbelwa, ngakhale ngoma sanavinepo chibadwire. Ine ndine Phiri, ndipo a Phiri ndiwo ankalowa ufumu wa Kalonga ku Mankhamba, choncho ndikamatakata ndimafuna anthu azikhala chete. Vuto linabwera pamene wometa uja anandifunsa umboni.

Mwana wanga wachisamba, amene foni saisiya ngakhale posamba m'manja, anati masiku ano makolo amapezeka pa intaneti. Anandionetsa FamilySearch, nkhokwe ya maina imene amasunga a mpingo wa Latter-day Saints a ku Salt Lake City. Anthuwa akhala akujambula mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro m'maiko ambirimbiri, ndipo kusakamo n'kwaulere. Bandulo yokha ndiyo inadya ndalama ya ndiwo, moti usiku umenewo banja lachifumu linadyera bonongwe.

Ndinalemba kuti Phiri. Kunatuluka chinamtindi: a Phiri a ku Dedza, a ku Chipata, a ku Bulawayo, a ku Johannesburg, mpaka chala chinatopa n'kutsitsa. Mwana anati tichepetse gulu polemba tsiku limene agogo anabadwa. Agogo anabadwa chaka cha dzombe. Kabokosi kakufuna manambala. Bambo anga enieniwo tsiku lawo lobadwa analitola mu 2017 pamzere wa chiphaso cha unzika, kalaliki atawafunsa ngati pa njala ya 1949 anali atayamba kuyenda. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana akabadwa linayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2015, ndiye munthu wa nthawi ya dzombe akanalembedwa ndi yani?

Dzina nalo ndi nkhani ina. Amuna a mbadwo umenewo ankasintha maina paliponse pamene afika. Lina la paubwana, lina lochokera kudambwe, lina la m'Baibulo ngati amishoni a ku Nkhoma kapena ku Mua anawakola, ndiyeno lina la ku Wenela, kumene munthu ankapita ali ndi dzina labwinobwino n'kubwerako ali Supuni kapena Foloko. Agogo anga anali nawo onsewo, ndipo pakhomo tinkangowatchula kuti agogo.

Tili mkati mosaka, mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Kodi abambo, Uphiri mukuuvutikirawu si wa bambo anu?"

Ndinavomera.

"Nanga ufumu wa Achewa unayamba liti kutsata bambo? Si umapita kwa mwana wa mlongo? Mayi anu ndi Nabanda."

Ndinawakumbutsa modekha kuti Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa a Banda, kotero kunyumba yachifumu ndimalowako ndithu, kaya ndi khomo lakumaso kaya lakuseri. Iwo anangoti ndikamaliza kulamulira Amaravi ndikatunge madzi a m'bafa.

Ufumu utayamba kuterera, ndinatembenukira ku usilikali. Kwathu timakamba kuti bambo awo a agogo anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Sepitembala 1914. Mwana anatsegula ndandanda ya Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamala manda a ankhondo, tinasaka mpaka batire kufiira. Kumeneko ndinamvako chinthu chimene sichinandiseketse. Mu 2021 bungwelo linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, ambiri a iwo a mu Africa muno, sanakumbukiridwe ndi maina awo. Ambiri anali atengatenga, osenza katundu wa asilikali, amene ankafa ndi njala ndi kamwazi m'njira. Ndinayamba kumva chisoni chosakaniza ndi kunyada, n'kuimbira amalume kumudzi kuti ndiwauze kuti kholo lathu ndi ngwazi yoiwalika.

Amalume, mwini mbumba, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mphwanga, ukusaka m'manda a nkhondo munthu amene anamwalira ndi ukalamba Kamuzu atabwera kale? Ine ndemwe ndinasenza nawo chithatha."

"Koma malume, za ku Karonga zija?"

"Karonga wake uti? Amesinjala a boma atabwera kudzagwira atengatenga, gogo wakoyo anakwera m'nkhokwe n'kudzikwirira ndi chimanga. Anatuluka atamva kuti apita. Akabwera a msonkho, ankathawira kuphiri ndi mbuzi zake. A thangata ankamusowa, a tchalitchi ankamusowa. Munthu anatha moyo wake wonse akuthawa cholembera, iwe lero ukufuna ukamupeze m'buku?"

Anawonjezera kuti mkuluyo m'mudzimo anabwera ngati mkamwini, atanyamula mphasa ndi kambwiri, ndipo chimene ankatchuka nacho ndi kumaliza chipanda cha mowa osapumira. Zonsezi anandiuza mosafunsa tsiku lobadwa la aliyense, mayina a azigogo aakazi akungowayala m'mbuyo mpaka mibadwo imene kompyuta sinailote. Pomaliza anati popeza ndayamba kukumbuka makolo, ndikumbukenso kuti denga la nyumba yawo likudontha.

Mwana sanafooke. Anapeza kuti British Library, kudzera mu ntchito yake yopulumutsa zolemba zakale, inathandiza kujambula ena mwa mabuku a maofesi a mafumu a m'nthawi ya Nyasaland. Ndinamuuza kuti atseke. Mzungu ndi kalaliki wake sankalemba munthu wakuda chifukwa chomukonda. Ankalemba amene ali ndi ngongole ya msonkho, amene wasaina kupita kumigodi, ndi amene ali ndi mlandu. Nditamva mbiri ya kholo langa, ndinadziwa kuti likapezeka m'menemo ndiye kuti pali mbuzi ya eni ake.

Chimene chinandipulumutsa ndi moto. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba inapsa pamodzi ndi mapepala ambiri a zaka zoyambirira, ndipo nyumba yosungira zakale inadzakhazikitsidwa kumeneko mu 1947. Wometa akandifunsa umboni, ndimamuuza kuti unalipo koma unapsa. Wamakala uja wayamba kunena kuti wakenso unali m'chipinda chomwecho.

Musaganize kuti bandulo inapita pachabe. Mbale mmodzi tinamupeza, kapena ndinene kuti ndiye anatipeza. Mwana anali atalemba dzina la mudzi wathu ndi la mfumu pa FamilySearch paja, ndipo posakhalitsa tinalandira uthenga wochokera ku Harare. Ndi mdzukulu wa mng'ono wawo wa agogo, mtchona amene anapita ku Halale kukagwira ntchito pa famu ya fodya osabwererako. Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona, koma ziganizo ziwiri anazilemba mosaphonya. Akufuna kudziwa kuti gawo la agogo ake pamunda wa kudimba lili mbali iti, ndiponso ngati ndingamutumizireko ya basi kuti adzalione yekha. Ndamupatsa nambala ya amalume.