Chambo chimene chinapezeka kuti ndi munthu

Ana ambiri amene amasankha biology ku yunivesite amakhala akuthawa masamu. Amaganiza kuti zaka zonsezo azingotumbula achule. Kenako amakumana ndi bioinformatics, phunziro lowerenga DNA pa kompyuta, ndipo amapeza masamu aja atakhala kale pampando kuwadikirira.

Tsiku loyamba kalasi ina inabwera itavala makhoti oyera, ena ndi magolovesi omwe. Mphunzitsi anawalowetsa m'chipinda cha makompyuta. Mnyamata wina anamwazamwaza maso, kenako anakweza mkono: "Madamu, nanga achule abwera nthawi yanji?"

DNA imalembedwa ndi zilembo 4 zokha: A, T, G ndi C. Madamu anapereka ntchito yoti apeze kuchuluka kwa A ndi T mu DNA ya kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum. Yankho lake ndi pafupifupi 80 pa 100 zilizonse, ndipo timizere tochepa ta Python timalitulutsa tiyi asanazizire. Koma mtsikana wina, wakhama ndithu, anaika nsonga ya bolopeni pa sikirini n'kuyamba kuwerenga chimodzichimodzi.

"Achemwali, zilembozo zilipo 23 miliyoni. Mukamawerenga chimodzi pa sekondi, osagona, osadya, mumaliza pakatha miyezi pafupifupi 9."

Mtsikanayo osatukula n'komwe mutu: "Madamu, mwandisokoneza. Ndiyambirenso."

Nkhani imene ndimaikonda ine ndi ya chambo. Pali pulogalamu yotchedwa BLAST, ya mu 1990, imene imatenga zilembo zako n'kukazifananiza ndi za zamoyo zosungidwa ku GenBank. Mnyamata wina anadula kachipsepse ka chambo, n'kutulutsamo DNA. Zilembo zitabwera anaziponya mu BLAST, yankho n'kutuluka: Homo sapiens, 100 pa 100. Anathamangira ku ofesi wefuwefu, m'mutu atayamba kale kuganiza suti yokalandirira mphoto.

"Madamu, ndatulukira chinthu chachikulu. Chambo ndi munthu!"

"Achimwene, tsiku limenelo munavala magolovesi?"

"Kunkatentha, Madamu."

"Ndiye munthu amene mwamutulukirayo ndi inuyo."

Kanthu kakang'ono kochoka pachala kamakwanira, chifukwa makina a PCR amachulukitsa DNA yomwe yagwirika, safunsa mwini wake. Mpaka lero anzake amamuitana kuti a Chambo, ndipo amayankha.

Wina anakopera mayina a majini mu Excel. Jini yotchedwa SEPT2 inasanduka 2-Sep, ina ya MARCH1 n'kukhala 1-Mar, poti Excel inaona ngati ndi madeti. Iye osazindikira, analemba mu lipoti kuti matenda amene ankafufuza amayamba pa 2 September. Musamuseke kwambiri. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza vuto lomweli mu pepala limodzi mwa mapepala 5 alionse a akatswiri amene anali ndi mindandanda ya majini mu Excel. Pofika 2020 komiti yopereka mayina a majini a anthu inangogonja: SEPT2 inakhala SEPTIN2, MARCH1 inakhala MARCHF1. Maprofesa a dziko lonse anaona kuti kusintha dzina la jini n'kwapafupi kusiyana n'kulimbana ndi Excel.

Nanga ya Linux? Kumeneko ukalemba rm, kompyuta imafufuta osakufunsa kawiri. Mnyamata wina, pofuna kuchotsa fayilo imodzi, anawonjezera kanyenyezi pamalo olakwika. Ntchito ya teremu yonse inapita.

"Madamu, bini yake ili pati ndikatolemo?"

"Kuno kulibe bini. Koma paja ndinakuuzani kuti muzisunga kope lina."

"Ndinasunga pa flash."

"Mwachita bwino. Itengeni."

"Anabwereka alamu anga, amafuna kuikamo nyimbo za pa chinkhoswe."

"Aimbireni foni."

"Ndawaimbira, Madamu. Akuti inadzaza ndi mafayilo a ATGC okhaokha, ndiye anaona ngati ndi vairasi, anaifomata. Akuti ndisavutike kuwathokoza."