Ulemu kwa Kanyali ka Cheki Injini

Anthu amatamanda mpunga wa ku Chama, ndipo sindikuwatsutsa, chifukwa fungo lake likamatuluka mumphika munthu amaiwala ngongole. Amatamanda mtsinje wa Luangwa, amatamandanso magule a pa mwambo wa Kwenje kwa Mfumu Yaikulu Kambombo. Koma m'dera lino muli mtumiki wina wogwira ntchito usana ndi usiku osalandira ngakhale ngwee imodzi, ndipo palibe anamuombera m'manja. Ndikunena kanyali kachikasu ka pa dashibodi, kojambulidwa ngati injini, kamene madalaivala amakatcha cheki injini. Lero wokaimira pabwalo ndine.

Onani kaye mwambo wake. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, nyali zonse zimayaka pamodzi: ya oyilo, ya batire, ya mabuleki, ya ABS. Pamenepo galimoto ikudziyesa yokha, kuonetsa kuti nyali iliyonse ili moyo. Injini ikangolira zinzake zimazima n'kukagona, ndipo kanyali kathu nakonso kamayenera kuzima ngati zonse zili bwino. Koma kwerani Corolla, Spacio kapena Noah ya pamsewu wa Chama ndi Lundazi, muyang'ane kuseri kwa chiwongolero. Kawirikawiri mukapeza kali maso. Dalaivala amaodzera, wokwera amagona mutu uli pa thumba la mpunga, iko ayi.

Pa nkhani ya kusasintha mawu ndiye palibe wokapambana. Boma la Chama lasamukapo chigawo kawiri. Mu 2011 Pulezidenti Michael Sata analichotsa kuchigawo cha Kummawa n'kuliika ku Muchinga, ndipo mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema analibweza. Zidindo zinasintha, ogwira ntchito m'boma anasiya njira ya ku Chinsali n'kuyambanso ya ku Chipata. Kanyali sikanatekeseke. Zimene kankanena tili ku Muchinga ndi zomwe kakunena lero.

Si kamwana ka pano, komanso si ka banja wamba. Kwawo ndi ku California, kumene utsi wa magalimoto unkaphimba mzinda wa Los Angeles mpaka akuluakulu a zampweya kumeneko, a California Air Resources Board, analamula kuti kuyambira 1988 galimoto yatsopano izikhala ndi kompyuta yoyang'anira zida zochepetsa utsi, ndi nyali yodziwitsa dalaivala zikavuta. Pofika 1996 magalimoto onse atsopano ogulitsidwa ku America anayenera kutsata ndondomeko imodzi yotchedwa OBD-II, ndipo ku Ulaya magalimoto a petulo anatsatira mu 2001. Choncho kanyali kanabadwira kudandaula za utsi. Kwa ife kanafika mozungulira: kanatumikira mwini woyamba ku Japan, kanakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, kanadutsa pa Tunduma ndi Nakonde, n'kudzatsikira m'chigwa cha Luangwa. Kuno dalaivala nkhawa yake ndi yakuti kodi awoloka kamtsinje kadzadza kaja dzuwa lisanalowe, koma iko kakudandaulabe za mpweya umene ana a Asenga akupuma. Ndani wina anabwera kuchokera kutali chotero n'kumatiderabe nkhawa?

Adani ake amati sikalankhula zomveka. Ndi zoona, kamalankhula ngati sing'anga wa maula, mokuluwika, kusiyana kwake n'kwakuti sikapempha nkhuku. Chinsinsi chili mu kompyuta ya galimoto, yomwe imasunga vuto lililonse ngati chilembo chimodzi ndi manambala anayi. Chilembo P ndi cha injini ndi giyabokosi, B ndi cha zinthu za m'bodi monga ma eyabagi, C ndi cha kunsi monga ABS, U ndi cha makompyuta a m'galimoto akasiya kumvana. Nambala yoyamba ikakhala 0, tanthauzo lake ndi limodzi kaya ndi Toyota, Nissan kapena Ford. Ikakhala 1, ndiye kuti kampani ili ndi tanthauzo lakelake. P0301 ndiye kuti silinda yoyamba ikuphonya moto. P0300 ndiye kuti kuphonyako kukudumphadumpha m'masilinda angapo, ndipo amene anathira petulo wa m'chigubu chimene chinagona pamvula asafunse zambiri. P0115 ikuloza kwa sensa yoyeza kutentha kwa madzi a injini. P0335 ikuloza kwa sensa ya kirankishafuti, imene ikafa galimoto imatha kungozungulira osalira.

Chimene chimandigometsa kwambiri ndi kudzichepetsa kwake pa ma Toyota akale, a zaka za m'ma 1990. Safuna makina a ndalama zambiri. Makanika wa pansi pa mtengo wa mango amatsegula boneti, amapeza kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS, amatenga kawaya kakafupi n'kulumikiza mabowo awiri, TE1 ndi E1. Akatembenuza kiyi osaliza injini, kanyali kamayamba kuphethira. Phethi phethi, kapume, phethi phethi: imeneyo ndi 22, sensa ya madzi. Kawiri, kapume, kamodzi: 21, sensa ya mu ekizozi yonunkhiza utsi. Kamodzi kenaka kawiri: 12, kompyuta sikumva kuti injini ikuzungulira. Kakamaphethira mofanana osapumira, ndiye kuti palibe mlandu. Muwaone anthu akuluakulu atazungulira chitseko, pakamwa pali yasa, akuwerenga mokweza. Wina akuti, "Ndi kawiri, amalume." Wina akuti, "Ayi, katatu, munaphethira ndinu." Sukulu ya masamu yaulere imeneyi, yopanda yunifomu.

Magalimoto a pambuyo pake ali ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, pamene amalumikizapo makina. Masiku ano kachipangizo kotchedwa ELM327 kamalowa pamenepo n'kutumiza manambala pa foni. Komabe zina mwa galimoto zimene zinapangidwira msika wa ku Japan zimakana kuyankha timakina totchipa, ndiye makanika amabwerera ku kawaya kake, kulumikiza bowo la 4 ndi la 13 pa ma Toyota, n'kuyambanso kuwerenga.

Tsono mumve mmene timakathokozera. Wina amakamata ndi tepi yakuda. Wina amatsamiritsa kachithunzi ka mwana wake pamenepo, kuti akayang'ana aziona nkhope yosekerera. Wogulitsa galimoto wochenjera amamasula dashibodi n'kuzula babu lenilenilo. Wofatsa pang'ono amangochotsa waya wa batire, manambala n'kufufutika, kanyali n'kuzima mpaka wogula atalipira. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ife mnansiyo timamutseka pakamwa. Ndipo kanyali sikasunga chakukhosi. Kompyuta ikayesanso n'kupeza kuti vuto lilipobe, kamabwerera mwakachetechete, mwina muli pakati pa tchire pamene netiweki kulibe. Wokwera akafunsa kuti, "A dalaivala, nanga ichi chayakachi?" yankho ndi lokonzeka kale: "Ndi sensa chabe, amayi, inabwera choncho kuchokera ku Japan." Dziko la Japan lasenza milandu yambiri pamsewu umenewu.

Za chitukuko chimene kabweretsa, nduna ya zamalonda iyenera kukapatsa mendulo. Nambala imanena dera limene muli vuto, sinena chitsulo choti mugule, koma ife timaiwerenga ngati lisiti ya kusitolo. Tengani P0171. Tanthauzo lake ndi lakuti injini ikulandira mpweya wochuluka mopitirira muyeso poyerekeza ndi petulo. Mwini galimoto akamva zimenezo amaimbira mlamu wake ku Lusaka kuti agule sensa yatsopano. Sensa imakwera basi mpaka ku Chipata, kuchoka apo ku Lundazi, kenaka pa galimoto iliyonse yolowera ku Chama. Wa sitolo wadya, wa basi wadya, wa mobayilo mane wadya, makanika wadya. Amanga sensa, afufuta nambala, mawa lake kanyali kali ngwee! Pamapeto pake zidziwika kuti ndi kapaipi ka mpweya kamene kanang'ambika ndi mabampu, kapena fumbi la mu Okutobala limene linakuta sensa yoyeza mpweya, kapena sefa ya petulo yotsekeka ndi zinyalala. Nthawi zina ndi khoswe, amene anatsatira mpunga wotayikira m'galimoto n'kupeza kuti mawaya nawonso amatafunika. Mabanja angati adya nsima chifukwa cha kanyali kamodzi? Iko sikananame. Kananena kuti mpweya wachuluka, ndipo unachulukadi.

Kukhulupirika kwake kumafika pomvetsa chisoni pa P0420. Mu ekizozi mumakhala catalytic converter, chosefa utsi chokhala ndi timiyala ta mtengo wapatali monga platinum ndi palladium, ndipo n'chifukwa chake ogula zitsulo zakale amachisaka. Galimoto zambiri zimafika m'manja mwa mwini wachitatu chosefacho chitagumulidwa kalekale. Mwini sadziwa, kapena anadya nawo ndalama zake. Amene akulirabe maliro ndi kanyali kokha, chaka ndi chaka, osavula zakuda.

Ndisakunamizeni kuti ndi kofatsa nthawi zonse. Kakangoyaka osaphethira, kakutanthauza kuti fikani kumene mukupita koma mukaonetse galimoto. Kakayamba kuphethira injini ikuyenda, nthabwala zatha: moto ukuphonya kwambiri, petulo wosapsa akutsikira mu ekizozi, ndipo chosefa utsi, ngati chikadalipo, chikupsa. Chepetsani liwiro, imani. Ndipo musakasokoneze ndi mkulu wake wofiira, nyali ya oyilo yooneka ngati kaketulo. Ameneyo sakuluwika ndipo sadikira. Akayaka muli paulendo, zimitsani injini pomwepo, apo ayi mudzamva nkhwangwa ili m'mutu, mukufunsa mtengo wa injini ina.

Inu amene mwagulitsa mpunga chaka chino ndipo mukupita ku Nakonde kapena ku Chipata kukaona galimoto, musayambe ndi kumenya matayala ndi phazi. Khalani pampando, tembenuzani kiyi osaliza injini, muyang'ane ngati kanyali kachikasu kayaka pamodzi ndi zinzake. Ngati sikanayake, mwina wina anakazula, ndipo anali ndi chifukwa. Bwezani kiyi kwa mwini wake, ndalama zanu zibwerere nanu kwa Kambombo.