Mwana wa ng'ona wagwira maiki pa Zalewa

Akuluakulu amene anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi anali ndi nzeru, kungoti sanasiye ndalama ya thiransipoti. Mwambiwu timaukonda kwambiri ife a ku Neno chifukwa umatipatsa njira yaulemu youzira munthu kuti achoke. Mwana akakhoza mayeso a Fomu 4 timamuuza kuti sakulira dziwe limodzi. Akalakwa mayesowo timamuuzanso zomwezo, koma mokweza mawu. Ngakhale boma lathu linaumvera mwambiwu: linakulira m'dziwe la Mwanza mpaka 2003 pomwe linapatuka n'kuima palokha, ngakhale kuti manachesi athu akafika mu Blantyre amatchedwabe a ku Mwanza.

Masiku ano ana a ng'ona ambiri agwira maiki. Pa Lisungwi, pa Ligowe, paboma, ngakhale kumtunda kwa a Dambe komwe anthu amalima tirigu ndi mbatatesi, simungasowe mnyamata wotembenuza chipewa amene akuimba chamba cha hip-hop. Mmodzi mwa iwowa ndinakamuonera Loweruka lina pa Zalewa, m'kaholo ka kuseri kwa malo omwera mowa. Dzina lake sinditchula, chifukwa usiku umenewo anadzitchula mayina atatu ndipo onse anali a mafumu.

Pepala loitanira anthu linati phungwe liyamba 6 koloko madzulo. Nthawi imeneyo m'holomo munali mipando, galu ndi ine. Cha m'ma 9 koloko ndi pomwe akalambula bwalo anayamba, ndipo anali ochuluka moti bwalolo analilambula mpaka kulikumba. Aliyense ankayamba ndi kufunsa ngati tikumumva. Tinkamumva. Ankafunsanso. Pamene mwini phungwe amakwera pansanja, yomwe inali matabwa oyalidwa pa makireti, tinali titatsimikizira anyamata asanu ndi mmodzi kuti makutu athu ali bwino.

Amene amadziwa za ng'ona amati kamwana kake kamayamba kulira kadakali m'dzira. Make amakwirira mazira mumchenga, n'kuwalondera pafupifupi miyezi itatu, ndipo akamva kulirako amafukula, n'kunyamula anawo m'kamwa kupita nawo kumadzi. Apa ndiye makolo athu anaonera patali. Mnyamata wathuyu anatiuza m'nyimbo yoyamba kuti adani ake sagona naye tulo, m'yachiwiri kuti ndalama sadziwa poziika, m'yachitatu kuti Lilongwe yonse ikunjenjemera. Kumeneko n'kulira kwa m'dzira. Adani amene ine ndinawaona ndi mmodzi yekha, wa kabaza amene anaima pakhomo kudikira ndalama yake yonyamulira masipika. Ndipo make analipodi, pampando wakutsogolo, atamanga chitenje cha kumpingo, akuuza aliyense woyandikana nawo kuti mwanayo anayambira kwaya ya Sande sukulu. Pamawu ena otukwana pang'ono ankawerama n'kumakonza mpango.

Musaganize kuti ndikumunyoza. Atamaliza zodziopseza zija anaimba nyimbo ina yonena za bambo wokankha njinga ya makala kuchokera kumapiri usiku, kuti m'mawa akaime m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto a anthu amene masana amadzudzula kudula mitengo pa wailesi, madzulo n'kutsitsa galasi kufunsa mtengo wa thumba. Holo yonse inasiya kutafuna. Mawu ankagwa pa biti bwinobwino, Chichewa chake chosapotoza lilime, ndipo anatchula mitsinje ndi zitunda zomwe aliyense m'chipindamo anaziyendapo ndi mapazi. Anthu amene moyo wawo wonse amamva nyimbo zotchula Ndirande ndi Kawale anamva Lisungwi ndi Mkulumadzi zikutuluka m'sipika. Mayi wina wogulitsa chipisi panja analowa ndi chipande m'manja. Pamenepo ndinaona kuti kanyamaka kali ndi mano, ngakhale ndi a mkaka.

Nyimboyo ili pakati magetsi anathima. Tonse tinayamba kung'ung'udza monga mwa chizolowezi, poti magetsi a dziko lino ambiri amapangidwa mumtsinje wa Shire womwewu, pa Nkula ndi pa Tedzani, poyandikana nafe. Koma panja mababu onse ankayaka. Anali mayunitsi a mwini holo amene anatha. Panadutsa chipewa kuti tisonkhe, ndipo chinabwerera chopepuka kuposa mmene chinapitira, chifukwa wina anachotsamo pepala lomwe munali manambala a mita.

Apa ndi pomwe mwambi uja umabisa nkhani. Umanena za maiwe amene mwanayo adzapiteko, koma za dziwe loyamba uli chete, ngati kuti ilo lilibe udindo. Pakhomo ankalipiritsa K1,000. Amene analipira tinali ochepa, ndipo ena mwa ife tinalipira chifukwa chosadziwana ndi wapakhomo. Ena onse anali achibale. Wina anati ndi msuweni wake, wina anaphunzira naye Sitandade 5, wina anamubwerekapo chaja. Bambo wina wa jekete anafunsa modabwa kuti, "Iwe, ndilipire kuti ndione mwana amene ndinamuona akuyenda wopanda kabudula?" Bambo yemweyo, ndikukutsimikizirani, woimba wa ku Blantyre atabwera angagulitse mbuzi. Kwathu kuno ng'ona yachilendo timaiponyera nkhuku, yathu timaiuza kuti idye ndere poti ndi mwana wa pakhomo.

Chamba cha hip-hop nachonso chinabadwira m'kachipinda. Pa 11 Ogasiti 1973, DJ Kool Herc, mnyamata wochokera ku Jamaica, anaimbitsa nyimbo paphwando lomwe mlongo wake Cindy Campbell anakonza m'chipinda chochezera cha nyumba ya pa 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx, mumzinda wa New York. Mtsikanayo ankafuna ndalama yogulira zovala za kusukulu. Atsikana ankalipira masenti 25, anyamata masenti 50. Lero tsikuli limakumbukiridwa ngati tsiku lobadwa la hip-hop. Taonani bwino nkhaniyi: panali wapakhomo, ndipo anthu analipira. Akanakhala kuti Herc anabadwira kwathu kuno kwa Symon, Bronx yonse ikanakhala asuweni ake, Cindy n'kupita kusukulu ndi diresi lakale.

Titatuluka, amalume ake a mnyamatayo anamukokera pambali n'kumupatsa mwambi wathu uja wonse wathunthu. "Mphwanga, luso uli nalo, koma kuno ukuwola. Pita m'tauni." Malangizowa ndi osavuta kupereka pa Zalewa, pomwe msewu wochokera ku Blantyre umagawikana, wina kulowera ku Mwanza ndi ku Tete, wina ku Lilongwe. Maiwe onse amadutsa pamaso pako pa matayala. Chomwe amalumewo sananene n'chakuti m'dziwe lalikulu muli eni ake. Ana a ng'ona ambiri safika pokula: ena amadyedwa ndi ng'azi adakali mazira, ena ndi mbalame, ena ndi ng'ona zinzawo zikuluzikulu. M'tauni ng'azi zake zimavala magalasi akuda. Zimakulonjeza kuti ukhala kalambula bwalo wa woimba wotchuka, malipiro ake n'kukhala akuti anthu akudziwe, ngati kuti kudziwika amagulira ufa.

Komabe amene anasambira n'kuwoloka alipo, ndipo n'chifukwa chake anyamatawa sagona. Gulu la Real Elements linaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kuti rap ya Amalawi ingaoneke pa Channel O. Tay Grin anatenga za gule wamkulu n'kuzisandutsa chizindikiro chake mpaka kutchedwa Nyau King. Fredokiss anadzazapo mabwalo ndi achinyamata a m'makomboni, ku Ndirande ndi ku Masintha. Chimene ndimaona mwa onsewa n'chakuti aliyense ananyamula matope a dziwe lake. Mnyamata wathu akakafika ku Blantyre n'kuyamba kuimba ngati wobadwira ku Atlanta, adzapeza kuti a ku Atlanta a mtundu umenewo ku Chilobwe aliko kale okwanira. Koma wa njinga ya makala uja alibe wina womuimbira.

Ndiye pali dziwe latsopano lomwe makolo sanalilote, lokwana m'thumba la malaya. Nyimbo ya mnyamatayu inajambulidwa m'chipinda chogona cha mnzake, matiresi ataimikidwa kukhoma, ndipo ikuyenda pa WhatsApp ndi m'mamemori khadi a anyamata olowetsa nyimbo pamsika. Msewu wopita ku Neno paboma ukhoza kukana galimoto nthawi ya dzinja, koma nyimbo imakwera phirilo bola bandulo ilipo. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anaimba ndi gitala lawo zaka zambirimbiri, koma dziko lonse linawadziwa kudzera pa TikTok atapitirira zaka 90, pambuyo pojambula ndi Patience Namadingo mu 2020. Ndinamuuza mnyamatayo nkhaniyi pofuna kumulimbitsa mtima. Anawerengera zala n'kundiyankha kuti, "Bigi, ndiye kuti ine zanga zidzayenda cha m'ma 2095?"

Ndikudziwa zomwe zidzachitike akadzatchuka. Holo ija, momwe simungalowe anthu 100 popanda kupondana, idzapezeka kuti usiku umenewo munali Neno yense. Bambo wa jekete uja adzati ndi iye anamugulira maiki yoyamba. Amalume adzati mwambi unagwira ntchito. Ife a boma lino tidzakwiya kwambiri nyuzipepala zikadzalemba kuti ndi woimba wa ku Blantyre, kapena, Mulungu atithandize, wa ku Mwanza.

Ine ndinkafuna kusunga umboni woti ndinalipira, koma matikiti kunalibe. Wapakhomo ankangotidinda pamkono ndi chidindo chobwereka kuchigayo, moti ndinafika kunyumba pakati pa usiku nditalembedwa kuti ndagayitsa. Mayi a kunyumba anayang'ana mkonowo, anayang'ana manja anga, n'kufunsa komwe ndasiya ufa.